Eckersberg, Mmisiri Amene Anaphunzitsa Anzake Kupenya

Pamene Christoffer Wilhelm Eckersberg anafika ku Copenhagen m'chaka cha 1803 kudzaphunzira luso la zojambulajambula, mwambo wa nthaŵi imeneyo unali wodziŵika bwino: mmisiri weniweni ayenera kutsanzira ziboliboli za Agriki ndi Aroma akale, natenga nkhani zake m'mbiri yakale, m'nthano kapena m'Malembo Oyera. Mtengo, ngalaŵa kapena msewu wa mumzinda ankaziyesa zinthu zopepuka. Mnyamatayo, amene anabadwa mu 1783 m'chigawo cha Schleswig, anatsata mwambowu mokhulupirika, ndipo mu 1809 analandira mendulo ya golide imene inamtsegulira njira yopita kunja.

Ku Paris anaphunzira kwa Jacques-Louis David, amene ankaumiriza ophunzira ake kujambula thupi la munthu wamoyo ataima pamaso pawo. Koma ife tiganiza kuti maso ake anatseguka kwenikweni ku Rome, kumene anakhala kuyambira 1813 mpaka 1816, pa ubwenzi ndi wosema ziboliboli Bertel Thorvaldsen. Kumeneko anayamba kutuluka panja ndi utoto wake, najambula mabwinja padzuŵa. M'chithunzi chake chotchuka cha zipata zitatu za Colosseum tiona mng'alu uliwonse wa mwala ndi udzu womera pamenepo. Komabe tisanyengedwe: malo atatu ooneka kudzera m'zipatazo sangaoneke onse pamodzi munthu ataima pamalo amodzi. Anapenya mosamala, kenaka anasanja zimene anaonazo monga momwe David anamphunzitsira.

Mu 1818 anasankhidwa kukhala mphunzitsi pa sukulu yaukachenjede ya zojambula ku Copenhagen, ndipo anagwira ntchitoyo zaka 35. Dziko linali losweka mtima: Angerezi anaphulitsa mzindawo mu 1807, boma linagwa mphwayi pa chuma mu 1813, ndipo Norway anachoka m'manja mwa Denmark mu 1814. M'masiku otere iye ankatenga ophunzira ake kupita nawo kudoko ndi kuminda, kuti ajambule dziko lawo lomwelo monga linalili. Christen Købke, Constantin Hansen ndi Wilhelm Marstrand anadzera m'manja mwake, ndipo nyengo yawo imatchedwa Nyengo ya Golide ya zojambula za ku Denmark.

Anajambulanso zithunzi za paguwa m'matchalitchi a Chilutera, monga Mgonero Wotsiriza wa ku Frederiksberg. Nzolongosoka ndi zaulemu, koma tikazilinganiza ndi ngalaŵa zake, zimene chingwe chilichonse chili pamalo pake ndipo mphepo imachita ngati ikumveka, tiona kuti dzanja lake linkamasuka koposa pa zinthu zimene diso lake linaziona. Mu 1841 anasindikiza buku lophunzitsa kaonetsedwe ka kutalika ndi kuyandikira kwa zinthu pa chithunzi. Anamwalira pa 22 July 1853 ndi mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 4,000 mu Copenhagen.