Nthiti Zowotcha za ku Memphis ndi Kansas City

Ku America anthu amayenda mtunda wautali kukafuna nthiti za nkhumba zowotcha, zomwe zimasiyana ndi kanyenya chifukwa sizipsa pamoto waukali, koma zimakhala maola angapo mu utsi wa nkhuni za hickory mpaka mitsempha yolimba itafewa, nyama n'kumachoka pafupa mosavuta.

Ku Memphis amanyadira nthiti zouma, kutanthauza zowazidwa zokometsera zaufa popanda msuzi, ngakhale kuti pamalo odyera otchuka a Rendezvous, omwe Charlie Vergos anatsegula mu 1948, amaziwotcha pamakala mofulumirapo. Ku Kansas City amazipaka msuzi wokhuthala wa tomato wotsekemera, womwe umakoma ndithu, koma umathanso kubisa nyama yowotchedwa mosasamala.