Agarifuna a ku Livingston: cinangwa, ng'oma ndi cinenero

Kodi munamvapo za tauni imene simungafikeko pa galimoto? Iliko ndithu. Dzina lake ndi Livingston, ku dziko la Guatemala, ku Central America. Musaisokoneze ndi Livingstone ya ku Zambia ayi. Iyi ili pamene mtsinje wa Río Dulce umathira m'nyanja yamcere ya Caribbean. Kulibe msewu wocokera ku mizinda ina. Mukafuna kukafikako, mumakwera boti ku Puerto Barrios, kapena kutsika ndi mtsinjewo.

M'tauniyi mumakhala mitundu ingapo. Muli Amaya olankhula Ciq'eqchi', muli olankhula Cisipanishi, komanso muli anthu akuda ochedwa Agarifuna. Iwo tauniyi amaichula kuti La Buga, kutanthauza pakamwa pa mtsinje. Nanga anthu akudawa anafika bwanji kumeneko?

Anacokera kuti?

Nkhani yawo inayambira pa cilumba ca Saint Vincent, cimene iwo amati Yurumein. M'zaka za m'ma 1600, Aafirika ena anafika pa cilumbaci. Ena anapulumuka zombo zonyamula akapolo zitasweka, ena anathawa ukapolo pa zilumba zoyandikana. Eni cilumba, Akaribu, anakhala nawo ndi kukwatirana nawo. Ana awo ndiwo Agarifuna.

Angelezi anafuna nthaka yawo kuti alimepo nzimbe, koma Agarifuna anakana, nkhondo n'kubuka. Mfumu yawo, Joseph Chatoyer, inaphedwa mu 1795. Atagonja, anthu oposa 4,000 anatsekeredwa pa kacilumba ka Baliceaux, ndipo pafupifupi theka anafa ndi matenda ndi njala. Otsalawo anakwezedwa m'zombo. Pa 12 Epulo 1797 anatsitsidwa pa cilumba ca Roatán, ku Honduras. Kucokera pamenepo anamwazikana m'mphepete mwa nyanja ku Honduras, Belize, Guatemala ndi Nicaragua. Ku Livingston amakumbukira caka ca 1802 kuti ndi pamene makolo awo anafika.

Tangoganizani. Munda alandidwa, manda a makolo atsala kutsidya la nyanja. Munthu wotere amatsala ndi ciani? Amatsala ndi zimene zili m'mutu ndi m'manja mwake: kaphikidwe, nyimbo ndi mawu.

Cakudya ca tsiku ndi tsiku

M'bandakuca asodzi amalowa m'nyanja ndi mabwato ndi maukonde. Amayi ena amaphika buledi wa kokonati n'kumagulitsa m'misewu. Ena amaluka tsitsi la alendo odzaona malo.

Cinangwa mumacidziwa, si conco? Kwa Agarifuna ndico cakudya ca makolo. Amapangira mkate wopyapyala wochedwa ereba. Nchito yake ndi yaikulu, n'cifukwa cake amayi amathandizana. Amasenda cinangwa, kucitsuka, n'kucikweca pa thabwa lokhomedwa timiyala takuthwa. Kenako amacithira m'cofinyira coluka, cacitali ngati njoka, cochedwa ruguma. Amacipacika m'mwamba n'kucikoka pansi kuti madzi owawa aja, amene ali ndi poizoni, atuluke. Zotsalazo amazisefa n'kuziwaza pa ciwaya cacikulu ca moto. Ereba ukauma bwino umakhala miyezi osawonongeka.

Palinso hudutu. Amaphika nthoci, kuzisinja mu mtondo, n'kudyera nsomba yophikidwa m'madzi ofinya ku kokonati. Mlendo ku Livingston amamupatsanso tapado, msuzi wa nsomba, nkhanu, nthoci ndi kokonati.

Ng'oma ndi mizimu ya makolo

Ng'oma zawo amasema ku thunthu la mtengo n'kukungapo cikopa. Yaing'ono imachedwa primero, ndiyo imalira mokwera ndi kutsatira mapazi a wovina. Yaikulu ndi segunda, ndiyo imagwira mayendedwe a nyimbo. Gule wochuka kwambiri ndi punta. Amavinidwa pa zisangalalo, komanso pa mwambo wokumbukira womwalira. Nyimbo zambiri amapeka ndi amayi, ndipo mumamveka madandaulo, malangizo ndi nkhani za m'mudzi. Nthawi ya Khirisimasi amuna amavala zigoba kumaso ndi zigobagoba za m'nyanja m'mawondo, n'kuvina wanaragua.

Agarifuna ambiri ndi Akatolika, komabe saiwala makolo awo akufa. M'banja mukagwa matenda osadziwika bwino, amapita kwa buyei, munthu wolankhula ndi mizimu. Iye akhoza kunena kuti pacitike dügü. Abale amabwera ngakhale kucokera kunja kwa dziko. Kwa masiku angapo amaimba, kuvina ndi kupereka cakudya kwa makolo, kuti banja ligwirizanenso.

Cinenero cili pa ngozi

Cigarifuna si cinenero ca ku Africa ayi. Mizu yake ndi ya Ciarawaki, ca eni nthaka a ku America, ndipo muli mawu obwereka ku Cifalansa, Cisipanishi ndi Cingelezi. Cili ndi cinthu cina codabwitsa: mawu ena ndi a amuna, ena a akazi. Ponena kuti "ine", mwamuna amati au, mkazi amati nuguya.

Koma lero ana ambiri amalankhula Cisipanishi cokha, popeza ndico ca kusukulu, ca pa wailesi ndi ca pa nchito. Nchitonso n'zosowa, motero acinyamata ambiri amapita ku United States, makamaka ku New York. Ndalama zimene amatumiza zimathandiza, koma mwana wokulira kutali ndi agogo ake samva nyimbo za dügü.

Mu 2001 bungwe la UNESCO linalengeza kuti cinenero, magule ndi nyimbo za Agarifuna ndi cuma ca anthu onse. Ulemu womwewo unaperekedwa mu 2005 kwa Gule Wamkulu ndi timbila za Acopi kuno kwathu. Woimba wa ku Belize, Andy Palacio, anatulutsa cimbale ca Wátina mu 2007, coimbidwa m'Cigarifuna, ndipo cinamveka m'maiko ambiri.

Caka ciliconse pa 26 Novembala, Guatemala amakumbukira Agarifuna. Ku Livingston anthu amakwera mabwato m'mamawa n'kukoceza pa gombe ng'oma zikulira, kuonetsa mmene makolo awo anafikira. Limeneli ndi tsiku limodzi basi. Masiku ena onsewo, cinenero cimadalira mayi amene akusefa cinangwa kuti alankhule ndi mwana wake m'Cigarifuna, mwanayo n'kuyankha m'cinenero comweco.