Chimene Chimakoka Mtima M'kulira kwa Piyano

Mwa zipangizo zoimbira zodziwika bwino, piyano ndiyo imaoneka yotalikirana kwambiri ndi thupi la woiimba, chifukwa wagitala amakhudza nsambo ndi zala zake, wachitoliro amauziramo mpweya wa m'chifuwa mwake, pamene wapiyano amangodina makiyi 88 omwe amatumiza tinyundo tokutidwa ndi ubweya wankhosa kukamenya nsambo zachitsulo zoposa 200 zobisika m'bokosi. Komabe chipangizo chomwechi chimachititsa munthu tsembwe, kumulengezetsa misozi ngakhalenso kumuiwalitsa kupuma, ndipo gwero la mphamvu imeneyi lili m'zinthu zomwe piyano singathe kuchita.

Bartolomeo Cristofori, yemwe anapanga piyano yoyamba mumzinda wa Florence ku Italy cha m'ma 1700, anaikonza mwakuti kanyundo kamamasuka kasanafike pansambo, n'kumaliza kokha ulendo wake ngati mwala umene wachoka kale m'legeni, kenako n'kubwerera msanga kuti nsamboyo injenjemere mosatsekerezedwa. Zikatero ndiye kuti panthawi yeniyeni yomwe liwu likubadwa, chala chilibenso ulamuliro pa ilo. Otto Ortmann, katswiri wa ku Baltimore m'dziko la America, anaonetsa m'chaka cha 1925 kuti pa liwu limodzi chimene woimba amalamulira kwenikweni ndi liwiro la kanyundo: kakathamanga, liwu limatuluka lamphamvu ndi lakuthwa, kakayenda mofatsa limatuluka lofewa ndi lozama. Komanso liwulo likangotuluka limayamba kuzilala, ndipo palibe njira yolikuzanso monga amachitira munthu woimba ndi pakhosi.

Motero luso lonse limasamukira pakati pa liwu lina ndi linzake, m'timipata ta nthawi tomwe khutu silingatiwerenge koma thupi limatimva. Woimba waluso sachotsa chala pakiyi mpaka liwu lotsatira litayamba kumveka, kotero kuti maliwu awiri amakumbatirana kwa kamphindi, n'kupangitsa womvera kukhulupirira kuti nyundo zikuimba ngati munthu. Akadina makiyi angapo pamodzi, liwu lonyamula chuni limatsogola anzake ndi pafupifupi magawo 3 mwa magawo 100 a sekondi, popeza chala cholimenya chimatsika mwamphamvu kuposa zinazo, ndipo kutsogola kochepa chonchi kumathandiza kuti chunicho chiyandame pamwamba pa phokoso lonse. Phazi nalo lili ndi ntchito yake, pakuti chopondera cha kumanja chimanyamula timapilo tonse totsekereza nsambo, ndipo ngakhale nsambo zomwe sizinamenyedwe zimayamba kunjenjemera poyankha zinzake, mpaka chipinda chonse kudzaza ndi kamvekedwe kofunda. Pamwamba pa zonsezi pali rubato, yomwe ndi njira yochedwetsa kapena kufulumizitsa pang'ono mbali ina ya nyimbo mwadala. Fryderyk Chopin ankaphunzitsa ophunzira ake kuti dzanja loperekeza chuni lizisunga nthawi mosagwedezeka pamene dzanja lonyamula chunicho likuzengereza kapena kuthamangira patsogolo, ndipo mkangano wachinunu wa manja awiriwa ndiwo umagwira womvera pamtima kuposa kufulumira kwa zala komwe anthu ambiri amakuombera m'manja.

Chifukwa chomwe kuzengereza kotere kumakomera chinafotokozedwa ndi Leonard Meyer m'chaka cha 1956, pomwe ananena kuti nyimbo imakhudza mtima pomangira womvera chiyembekezo, kenako n'kuchichedwetsa kapena kuchikhotetsa. Patapita zaka zambiri makina ojambulira ubongo anabwera ndi umboni wogwirizana ndi ganizoli. M'chaka cha 2001, Anne Blood ndi Robert Zatorre a pa yunivesite ya McGill ku Montreal anapeza kuti munthu akachita tsembwe ndi nyimbo, mbali za ubongo zomwe zimagalamuka ndi zomwezo zimene zimagwira ntchito pa chisangalalo cha chakudya ndi cha kugonana. M'chaka cha 2011, Valorie Salimpoor ndi anzake pa yunivesite yomweyo anaonetsa kuti dopamine, timadzi tomwe ubongo umatulutsa ukamalondola chinthu chokoma, timatuluka kawiri: koyamba m'masekondi oyembekezera pachimake pa nyimbo, kachiwiri pachimake penipenipo. Choncho woimba amene wagwira liwu lomaliza kwa kamphindi asanalimasule sakungokometsera chabe, koma akutalikitsa nthawi yomwe ubongo ukusangalala ndi kudikira.

Maso nawonso amamva nawo nyimbo. Chia-Jung Tsay, yemwe ndi katswiri wa kaganizidwe ka anthu komanso woimba piyano, anafalitsa m'chaka cha 2013 kafukufuku woonetsa kuti anthu oonetsedwa tizidutswa ta kanema topanda mawu ankalozera bwino opambana pa mipikisano ya zoimbaimba kuposa amene anamvetsera mawu okha. Akatswiri ena atayesanso njirayi anapeza kuti zotsatira zake zimasintha malinga ndi kanema wosankhidwa, motero si chanzeru kunena kuti diso laposa khutu. Chosakayikitsa n'chakuti thupi la woimba limaulula zomwe zikudza: phewa likakwera, mpweya ukakokedwa, dzanja likaima m'malere pamwamba pa makiyi, womvera amadziwa kuti liwu lili pafupi ndipo amayamba kulilakalaka kanyundo kasananyamuke n'komwe.