Uthenga umalowa bwanji m'kati mwa selo?

Tikamathyola fodya n'kuona njoka pansi pa tsamba, mtima umagunda msangamsanga ndipo miyendo imapeza mphamvu yothawira. Amachititsa zimenezi ndi adrenaline, mankhwala amene amatuluka m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Koma adrenaline salowa m'maselo a mtima kapena a chiwindi, amangoima panja. Nanga uthenga wake umafika bwanji m'kati?

Pakhungu la selo pali mapuloteni otchedwa receptor. Tiwayerekeze ndi nduna ya pakhomo pa mfumu: mlendo amauza nduna, ndipo ndunayo ndi imene imalowetsa mawu. Adrenaline akagwira receptor, receptor imadzutsa puloteni ya G, ndipo iyi imadzutsa enzyme yotchedwa adenylyl cyclase. Enzyme imeneyi imatenga ATP n'kupanga cAMP wambirimbiri. cAMP ndiye mthenga wachiwiri. M'chiwindi amachititsa kuti shuga wosungidwa ngati glycogen atuluke kupita m'magazi. Mumtima amathandiza calcium kulowa m'maselo kuti mtima uzipopa mwamphamvu. Ngozi ikadutsa, enzyme ina yotchedwa phosphodiesterase imaphwanya cAMP ndipo thupi limakhazikika. Amene anatulukira cAMP ndi Earl Sutherland wa ku America pofufuza chiwindi, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1971.

Izi si za pa mayeso a MSCE pokha. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kachilombo ka kolera kamatulutsa poizoni amene amalowa m'maselo a matumbo n'kukakamira puloteni ya G kuti isazime. Zikatero cAMP amangopangidwa osaleka, tizipata ta selo timakhala totsegula, mchere umatulukira m'matumbo ndipo madzi amautsatira. N'chifukwa chake wodwala amatsegula m'mimba madzi ngati otsukira mpunga, ndipo angathe kumwalira m'maola ochepa.

Mwayi wake ndi wakuti m'matumbo muli khomo lina limene poizoniyo salifikira. Khomoli limalowetsa shuga pamodzi ndi mchere, ndipo madzi amalowa nawo. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya Thanzi ORS. Madzi okha sakwanira, payenera kukhala shuga ndi mchere pa muyeso wake. Ngati paketi palibe, tithire masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuniwo osadzaza mulu.

Nyengo ya mvula ino kuno ku Chisemphere, ambirife timakhala kumunda tsiku lonse n'kumamwa madzi a m'zitsime zosatetezeka. Tiwiritse madzi kapena tithiremo kulorini. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, timumwetse ORS nthawi yomweyo, ndipo azimwabe ali pa njira yopita kuchipatala. Zimene taphunzira m'kalasi tikawafotokozere makolo kunyumba.