Kodi kamera imadziwa kujambula yokha?

Cithunzi cimapangidwa ndi kuwala. Kuwala kumalowa pa diso la kamera. Diso limeneli ndi kagalasi kozungulira. Mu mdima wandiweyani kamera siona kanthu.

Kale makamera anali ndi filimu mkati. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36. Ikadzaza, wojambula ankapita nayo kokatsukitsa. Kumeneko ankaitsuka ndi mankhwala m'cipinda ca mdima. Anthu ankadikira masiku angapo kuti aone nkhope zawo. Nthawi zina ankapeza kuti agogo anatsinzina, kapena mutu wa atate sunatuluke. Ndalama zapita kale, ukwati watha kale!

M'caka ca 1975, Steven Sasson wa kampani ya Kodak ku America anapanga kamera ya dijito. Inalibe filimu. Inkalemera makilogalamu oposa 3. Cithunzi cimodzi cinkatenga masekondi 23 kuti cisungidwe pa kaseti, ndipo cinali coyera ndi cakuda basi. Lero kamera ya dijito ili m'foni, imakwana m'thumba.

Kamera ya dijito imathandiza ndithu. Imayesa yokha kuwala. Imaonetsa cithunzi nthawi yomweyo. Mwana akajambula mbuzi, amaona pompo kuti mbuzi yatembenuka. Amafufuta, najambulanso. Salipira kanthu. Akhoza kuyesa kakhumi, ndipo mbuzi ndiyo imayamba kutopa. Wojambula wa kale sankatero, cifukwa filimu inali yodula.

Koma pali nchito zina zimene kamera sigwira. Kamera siyenda. Munthu akaima kutali, agogo amaoneka ngati nyerere pakati pa bwalo. Wojambula ayenera kusendera pafupi ndi miyendo yake.

Kamera sisuntha dzuwa. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa agogo, nkhope yawo imada. Likakhala kutsogolo kwawo, amatsinzina. Masana dzuwa lili paliwombo, maso amalowa mu mthunzi. Kuwala kwa m'mawa ndi kwa madzulo n'kofewa. Pansi pa mtengo wa mango nkhope imaonekanso bwino.

Kamera sisankha za kumbuyo. Imatenga zonse: ndowa, nkhuku, zovala za pacingwe. Nthawi zina mtengo umaoneka ngati wamera pamutu pa amayi. Wojambula ndiye ayenera kuona zimenezi asanadinde. Agwire kamera ndi manja awiri, cifukwa dzanja likanjenjemera cithunzi cimaoneka mwacimbuuzi. Aonenso cala cake. Cala cimakonda kutseka diso la kamera.

Kamera sidziwa ulemu. Mwana asanajambule munthu wamkulu, amayamba wapempha. Akakana, amawasiya.

Munthu wina amajambula zithunzi 100 osayang'ananso ngakhale cimodzi. Ameneyu saphunzira kanthu. Mawa adzadulanso mutu wa atate. Wina amajambula cimodzi, naciyang'anitsitsa. Amadzifunsa kuti: «Calakwika n'ciyani?» Kenako amasuntha, najambulanso. Ameneyu kamera ya dijito imamuphunzitsa msanga kuposa ya filimu.

Ku Moçambique kunali wojambula wodziwika, dzina lake Ricardo Rangel. Anabadwa m'caka ca 1924 mu mzinda wa Lourenço Marques, umene tsopano ndi Maputo. Ali mnyamata ankagwira nchito m'cipinda ca mdima, kutsuka zithunzi za anthu ena. Pambuyo pake anayamba kujambula zithunzi za m'nyuzipepala. Ankajambula anthu wamba a m'misewu ndi mavuto awo pa nthawi ya atsamunda. Zithunzi zake zimene anthu amazidziwa ndi za filimu, zoyera ndi zakuda. M'caka ca 1983 anayambitsa sukulu yophunzitsa kujambula ku Maputo, Centro de Formação Fotográfica. Anamwalira mu 2009.

Zithunzi za m'foni zili ndi vuto lake. Foni ikagwa m'madzi kapena ikabedwa, zithunzi zikhoza kutayika zonse. Zimapweteka kwambiri ngati munali cithunzi ca agogo amene anamwalira. Cifukwa ca ici mabanja ena amasankha cithunzi cimodzi cabwino, nakacisindikiza papepala. Amacipacika pakhoma, kutali ndi utsi ndi mvula yodontha.