Kanambala Kakang'ono ka Pamwamba

Madzulo ano tikambirana za masamu amene dzina lace ndi aljebra. Dzinali licokera ku buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad ca m'ma 820. M'masamu amenewa cilembo, monga x, cimaimira nambala imene sitinaidziwe.

Mukaona 2³ musafulumire kunena kuti ndi 6, pakuti ambiri amaphonya pomwepa. Nambala ya pansiyo, 2, tiyiche tsinde. Kakang'ono ka pamwambako, 3, tikache mphamvu, ndipo nchito yace ndiyo kutiuza kuti tsindelo tililembe kangati pocurukitsa: 2 × 2 × 2, ndiye 8. Cimodzimodzi x³ ndiye x × x × x.

Inu amene munagwira nchito pa mgodi wa Broken Hill usanatsekedwe mu 1994, msana wanu udziwa kale zimenezi. Dzenje mukaliwirikiza kawiri m'litali, m'mimba ndi m'kuya mwace, dothi lofukula silicuruka kawiri ai, koma kasanu ndi katatu.

Tsono tiyeni ku nkhani ya kaloba. Tiyerekeze kuti munthu wakongola K100, ndipo pangano lace ndi lakuti ngongoleyo, ikapanda kubwezedwa, idziwirikiza kawiri mwezi uli wonse. Pakutha miyezi 3 yacuruka 2³, yafika K800. Mnzathuyo aganiza kuti, "Ndikadikira miyezi 3 yina idzangokhala K1,600." Kalanga ine! Miyezi yinayo idzacurukitsa K800 yija kasanu ndi katatunso. Pamenepa pali lamulo loyamba: pocurukitsa manambala a tsinde limodzi, timaphatikiza mphamvu zao. 2³ × 2³ ndi 2⁶, ndiye 64, ndipo ngongole yafika K6,400. Koma cenjerani, lamuloli ligwira nchito pokha-pokha pamene tsinde liri lofanana. Pa 2³ × 3² palibe cophatikiza. Muyenera kupeza 8 ndi 9 payekha-payekha, ndi kucurukitsa, ndiye 72.

Laciwiri ndi losabvuta: pogawa, timacotsera. Kuyambira mwezi waciwiri kufikira wacisanu ndi cimodzi ngongole yakula 2⁶ ÷ 2², ndiye 2⁴, kapena 16.

Nanga 2⁰ n'ciani? Ana a sukulu amakonda kuyankha kuti ndi 0, ndipo ine sindiwadzudzula, cifukwa m'maso cimaoneka cotero. Koma taganizani za tsiku lija munthuyo analandira ndalama. Mwezi sunathe ndi umodzi womwe, ndalama sizinawirikizidwe, komabe ngongole iripo, K100 yomweyo, ndiye kuti yacurukitsidwa ndi 1. Lamulo laciwiri libvomereza: 2³ ÷ 2³ ndi 2⁰, ndipo 8 kugawa ndi 8 ndi 1.

Tengani pensulo usiku uno, mupeze nokha ngongole ya mnzathuyo pakutha miyezi 10. Mukapeza K102,400, mwakhoza.