Malo Okhomapo Mahema M'nkhalango za Nyama: Kodi Woyamba Kufika Ndiye Woyenera?

Munthu amene adafikapo pa Msika wa Tsoka mumzinda wa Lilongwe m'mamaŵa amadziŵa chimene chimachitika belo la kaunjika likamatsegulidwa. Mwini belo akangodula zingwe, manja ambiri amagwera pamuluwo nthaŵi imodzi. Amene adalaŵira, kapena amene adatsinidwa khutu dzulo lake kuti belo litsegulidwa nthaŵi yakutiyakuti, ndiwo amatola majekete ndi nsapato zooneka bwino. Ena a iwo sagula kuti avale. Amakachapa zovalazo, n'kuzisita, n'kukazigulitsa pa mtengo wokwera kwa anthu a m'maofesi. Mayi amene wachokera ku Chinsapo kapena ku Kauma, amene adayamba waphikira ana phala, ndipo mwina waoloka mtsinje wa Lilongwe pa kamlatho kamitengo kolipira, amapeza zotsala. Palibe amene wamubera, palibenso lamulo limene laswedwa. Komabe zabwino zapita kwa anthu omwe aja a masiku onse.

Nkhani ino si ya kaunjika ayi, koma ya malo okhomapo mahema m'nkhalango zosungiramo nyama, ndi mmene malowo amagaŵidwira tsopano pamene kusungitsa malo kukusamukira pa intaneti. Chithunzi cha pa Tsoka chingothandiza omvera kumvetsa chinthu chimodzi: lamulo loti woyamba kufika ndiye atenge limaoneka lolungama, koma limalungama pokhapokha ngati anthu onse ali ndi mpata wofanana wofikira msanga.

Dziko la Malaŵi lili ndi mapaki aakulu asanu: Nyika, imene idakhazikitsidwa mu 1965, Kasungu ndi Lengwe mu 1970, Liwonde mu 1973, ndiponso Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980. Palinso nkhalango za nyama za Majete, Nkhotakota, Vwaza ndi Mwabvi. Kwa zaka zambiri nyama zidatha m'malo ena mwa ameneŵa chifukwa cha alenje ozembetsa, kotero kuti panalibe olimbirana malo ogona. Zinthu zidasintha bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa Majete mu 2003, kenaka Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Ku Majete kudabwerera zipembere ndi mikango. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zidachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Nyama zikachuluka alendo amachulukanso, koma malo okhomapo mahema sangachuluke motero, pakuti nkhalango ikadzaza mahema ndi magalimoto ndiye kuti yasanduka tauni, ndipo nyama zimene anthu adzera zimathaŵira kutali.

Kupereŵera kwa malo sikuoneka chaka chonse. Kumaoneka pa Pasaka, pa tchuthi cha 6 July, pa Tsiku la Anakubala la 15 October, pa Khirisimasi, ndi m'miyezi ya chilimwe pamene udzu wauma ndipo nyama zimasonkhana pamadzi. Masiku a tchuthiwo ndi okhawo amene Mmalaŵi wogwira ntchito angapeze mpata wotuluka ndi banja lake. Tsono ofuna malo masiku amenewo amasungitsa kaŵirikaŵiri potumiza imelo, uthenga wa pa WhatsApp, kapena kudzera pa tsamba la intaneti la amene akuyendetsa malowo.

Kuti munthu aone kumene njira imeneyi imathera, ayang'ane ku United States, kumene idakula kalekale. Kumeneko malo ambiri a m'mapaki a boma amasungitsidwa pa tsamba limodzi lotchedwa Recreation.gov, ndipo ambiri amatsegulidwa kutatsala miyezi 6 kuti tsiku la ulendo lifike. Ku paki yotchuka ya Yosemite, kwa zaka zambiri malo akhala akutsegulidwa pa 15 mwezi uliwonse, 7 koloko m'maŵa, ndipo a miyezi yotentha amatha m'mphindi zochepa chabe. Belo lake ndi lomwelo, kungoti manja amene akugwera pamulu saoneka. Ena mwa manjawo si a anthu n'komwe, koma mapulogalamu a kompyuta amene amayang'anira tsambalo usana ndi usiku, n'kudziŵitsa mwini wake kapena kumugwirira malo mofulumira kuposa chala cha munthu aliyense. Anthu ena amasungitsa masiku ambiri kuposa amene akufuna, kuyambira tsiku loyambirira limene tsamba likulola, kuti atsekereze anzawo, kenaka n'kudzabweza masiku osafunikawo. Enanso amasungitsa malo atatu kapena anayi poyembekezera kuona kumene nyengo idzakhale yabwino, ndipo tsiku likafika sabwera. Motero tsamba limanena kuti malo adzaza, pamene mlonda wa pachipata akuona mabwalo opanda hema ndi limodzi lomwe.

Mu 2022 ofufuza a pa University of Montana, motsogozedwa ndi William Rice, adafalitsa zimene adapeza atayerekeza anthu ogona m'malo osungitsiratu ndi ogona m'malo amene munthu amangofika n'kukhoma hema. Adapeza kuti ogona m'malo osungitsiratu ankachokera kaŵirikaŵiri kumadera a anthu opeza bwino. Chifukwa chake si mtengo wokha. Kusungitsa malo miyezi 6 pasadakhale kumafuna munthu amene akudziŵa tsiku limene adzakhale pa tchuthi, amene ali ndi intaneti yothamanga, ndiponso amene angakhale pa kompyuta pa ola lenilenilo osadzudzulidwa ndi bwana.

Zimenezi zikabwera ku Lilongwe zimalemera kuposa kumene zidachokera. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi m'nyumba zawo, ndipo kafukufuku wa boma wa 2019 adaonetsa kuti anthu pafupifupi 15 mwa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito intaneti. Mkulu wa ofesi wa ku Capital Hill, wokhala ku Area 10 kapena ku Area 43, ali ndi intaneti kuntchito ndi kunyumba, ali ndi khadi la kubanki, ndipo tchuthi chake chidalembedwa kale chaka chisanayambe. Wamalonda wa pa Tsoka, ngakhale atakhala ndi ndalama zokwanira ulendo wa ku Kasungu, sangadziŵe mu June ngati mu December adzatha kusiya benchi lake masiku aŵiri. Zimadalira mmene malonda ayendera sabata imeneyo, ngati belo lidatuluka labwino, ngati panalibe maliro kumudzi. Amaganiza za ulendo Lachinayi kuti anyamuke Loŵeruka. Ndalama zake zili pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo intaneti yake ndi ya bando yogula tsiku limenelo, imene imatha tsamba lodzaza zithunzi lisanamalize kutseguka. Pamwamba pa izi, mitengo ya malo ambiri ogona alendo imalembedwa m'madola, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wotere udakwera usiku umodzi kwa aliyense wolandira makwacha.

Ndi zoona kuti Amalaŵi amalipira ndalama zochepa pachipata poyerekeza ndi alendo akunja, ndipo chimenechi n'choyamikika. Koma mtengo wotsika pachipata suthandiza munthu amene wauzidwa kuti pogona padatha miyezi inayi yapitayo.

Maiko amene adayamba kulumwa ndi vutoli ayesa mankhwala osiyanasiyana. Ku British Columbia, m'dziko la Canada, zitadziŵika kuti anthu ena ankagula malo n'kumawagulitsanso, boma lidakhwimitsa malamulo mu 2017 kuti dzina lolembedwa posungitsa lisasinthidwe. Apo madobadoba adasoŵa pogwira. Ku California, lamulo limene bwanamkubwa Gavin Newsom adasaina mu October 2023 lidati munthu wosungitsa malo n'kusabwera, osanena kanthu, ataye ndalama zonse zimene adalipira, ndipo akatero katatu pa chaka aletsedwe kusungitsanso kwa chaka chathunthu. Lamulo lomwelo lidalamula kuti m'malo ena ochepa olimbiranidwa kwambiri ayesere kugaŵa pochita maere. Ku Yosemite nakonso adayesa maere mu 2022 pa malo otchedwa North Pines. Ubwino wa maere ndi wakuti amachotsa liŵiro pa mpikisano. Munthu amapatsidwa masabata angapo olembetsa dzina, ndipo wolembetsa tsiku lomaliza ndi foni yakale ali ndi mwayi wofanana ndi wolembetsa mphindi yoyamba. Koma maere ali ndi chilema chakenso: pamakhala kandalama kolembetsera kamene sikabwezedwa, kotero kuti wosauka amene walephera katatu waluza katatu, ndiponso maerewo amafunabe munthu wodziŵiratu tsiku la ulendo wake.

Pafupi ndi kuno, ku South Africa, bungwe la SANParks limatsegula malo kutatsala miyezi 11, zimene zimakomera okonzekera kutali, koma kuyambira mu 2006 limakhalanso ndi sabata imodzi mu September pamene nzika za dzikolo zimaloŵa m'mapaki ambiri kwaulere, ngakhale kuti pogona pamakhala polipira.

Pa zonsezi, chimene chingathandize Malaŵi kwambiri si pulogalamu yanzeru ya kompyuta ayi, koma kukana kuika malo onse pa khomo limodzi. Gawo lina litsegulidwe kutali, kuti mlendo wochokera ku London kapena ku Johannesburg, amene ayenera kugula tikiti ya ndege miyezi yambiri pasadakhale, akhale wotsimikiza za pogona pake. Mlendo ameneyu sayenera kunyozedwa, pakuti madola ake ndiwo amathandiza kulipira alonda a nyama ndi kukonza mpanda wamagetsi umene umatchinga njovu kuti zisaloŵe m'minda. Gawo lachiŵiri litsegulidwe kutatsala sabata imodzi kapena ziŵiri, ndipo munthu athe kusungitsa poimba foni wamba n'kulipira m'makwacha pa foni yomweyo. Gawo lachitatu, ngakhale litakhala la mahema aŵiri kapena atatu, lisiyidwe kwa ofika pachipata tsiku lomwelo. Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Magawo otere amavuta kuwakhazikitsa makampani oyendetsa alendo atazoloŵera kale kugwira malo onse chaka chisanayambe, pakuti pamenepo aliyense adzaona ngati akulandidwa chake.

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi siyenera kutengedwa ngati ya anthu osangalala okha. Malo ameneŵa sadali opanda eni. Pamene paki ya Nyika idakulitsidwa mu 1978, midzi idasamutsidwa, anthu n'kusiya minda ndi manda a makolo awo mkati mwa malire atsopano. Ozungulira Liwonde ndi Kasungu ndiwo amagona panja kulondera chimanga njovu zikathyola mpanda, ndipo ena adataya abale awo. Mwana wobadwira m'mudzi wotere akakula akuona njovu ngati mdani wa m'munda basi, osagonapo ndi usiku umodzi womwe m'nkhalangomo kuti aione ikumwa madzi mwamtendere m'bandakucha, n'kovuta kudzamuuza kuti aulule mnansi wake wotchera misampha. Choncho pogaŵa malo, sukulu ndi magulu a m'midzi yoyandikana ndi paki ayenera kukhala ndi masiku awoawo, osati a m'dzinja okha pamene misewu yaterera ndipo palibe wina akuwafuna.

Chotsala ndi chakuti magawowa asakhale chinsinsi cha mu ofesi. Chiŵerengero cha malo a gawo lililonse, tsiku limene amatsegulidwa ndi nambala yoimbira zilembedwe pa chikwangwani pachipata, ndipo zilengezedwe pa wailesi m'Chicheŵa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Mphunzitsi wa ku Ulongwe amene wasonkhetsa makolo ndalama za ulendo wa ana a Sitandade 8, akauzidwa kuti malo atha, athe kufunsa kuti adalipo angati, ndipo atha kudzera pa khomo liti.